Diresi Limodzi, Akamwini Awiri

Amadiresi ankadziwa kugawa zinthu. Ana awo aakazi awiri ali aang'ono, lalanje sankangoling'amba pakati ngati mmene timachitira enafe. Ankalisenda bwinobwino, n'kuyala tizigawo take pambale, aka ka uyu, aka ka uyo, ndipo kakatsala kamodzi kopanda mnzake ankakadya okha kuti pasapezeke wolira. Nsapato ankagula tsiku limodzi, maambulera amtundu umodzi. Ngakhale pokalipa ankaonetsetsa kuti aliyense walandira gawo lake, wolakwa ndi wosalakwa yemwe. Anthu ankati mayiwa ndi achilungamo. Kunena zoona anali amantha chabe, ndipo chimene ankaopa chinali chimodzi: tsiku limene mwana wina adzanene kuti amayi amakonda mnzanga.

Dzina lakuti Amadiresi linachokera kuntchito yawo. Anali ndi kashopu kobwereketsa madiresi a ukwati, kopanikizika pakati pa wometa ndi wokonza mafoni. Kutsogolo kunali kauntala, galasi lalikulu long'aluka pakona, ndi madiresi olendewera m'mapepala apulasitiki. Kuseri kwa katani kunali chipinda chosokera chokhala ndi makina awiri. Amodzi ankalira tsiku ndi tsiku. Enawo anavundikiridwa nsalu ana atakwatiwa, ndipo ntchito imene inawatsalira inali yosenza ketulo.

Ana aja anakulira m'chipinda chimenecho. Wachisamba anali ndi dzanja la sizasi: akamuyang'ana munthu kamodzi, nsalu ankaidula osanjenjemera. Mzime sankatha kudula mowongoka ngakhale pepala, koma ukamupatsa singano ndi mikanda ankakhala phee mpaka duwa litaphuka pachifuwa cha diresi. Chinthu chomaliza chimene anasoka limodzi ndi mayi awo chinali diresi la mchira wautali limene makasitomala analipatsa dzina lakuti Mfumukazi. Madiresi ena ankatha mwezi ali pakhoma, koma Mfumukazi sinkadziwa kupuma Loweruka.

Onse awiri anakwatiwa, ndipo kaya linali tsoka kaya mwayi, onse anakwatiwa ndi amuna olemba mapulogalamu a kompyuta. Mwamuna wa Wachisamba ankavala mandala ndipo ankalankhula ngati akuwerenga nkhani pawailesi. Wa Mzime anali ndi ndevu zimene ankazikoka akamaganiza. Pamaso Amadiresi ankawatchula onse kuti akamwini, koma mumtima mwawo anali Amandala ndi Andevu.

Nkhani inayamba Lamlungu lina masana, banja lonse lili patebulo monga linkachitira sabata iliyonse. Amadiresi anangodandaula kuti kalendala ya pakhoma la shopu yadzaza, polemba pasowa, ndipo anatsala pang'ono kuiwala kuchapitsa velo ya mkwatibwi wina. Ananena ngati mmene munthu amanenera kuti bondo likuwawa, osayembekezera mankhwala. Sankadziwa kuti aponya chimanga pakati pa atambala awiri.

"Amayi, chimene chikufunika apa ndi detabesi," anatero Amandala, akuika supuni pansi. "Ili ngati nkhokwe. Diresi lililonse, kasitomala aliyense, tsiku lililonse la ukwati, zonse zimakhala mmenemo mwadongosolo. Mukafuna kubwereketsa diresi limodzi kwa anthu awiri tsiku limodzi, imakukanizani."

"Apo mwalasa, achimwene," anavomereza Andevu.

"Ndikulemberani pulogalamu ndi PHP, nkhokwe yake ikhale MySQL, tiziike pa seva. Seva ndi kompyuta yakutali imene sigona. Inu muzingotsegula pafoni, kaya muli kushopu, kaya muli m'basi, zonse mukuziona. Shopu italowa madzi lero, zolemba zanu sizinyowa."

Andevu anakoka ndevu. "Nanga netiweki ikathawa? M'shopu muja ndinalowamo ine. Kuti foni igwire, munthu umaima pakhomo n'kukweza mkono ngati ukuimitsa basi. Kasitomala azikalamba podikira seva yanu yosagonayo? Amayi, ine ndikulemberani ndi Python, nkhokwe yake SQLite. Zonse zimakhala m'fayilo imodzi, m'laputopu, pakauntala pomwepo. Intaneti sifunika, zolipira mwezi ndi mwezi palibe. Shopu ya munthu mmodzi sifuna lole, imafuna wilibala."

"Wilibala yanuyo akaiba? Kapena laputopu ikangozima osadzukanso?"

"Timakopera pa fulashi."

"Amayi azikumbukira kukopera? Inuyo zanu munakopera liti?"

"Nanga pasiwedi yanu ya zilembo zosakaniza ndi manambala ija, azikumbukira?"

Amadiresi anayesa kuzimitsa moto. Anati wokonza mafoni uja amalemba zake m'timabokosi tija ta pakompyuta, bwanji nawonso azitero. Akamwini onse awiri anawayang'ana ngati anena kuti azisoka diresi ndi waya.

"Timabokosi timalola chilichonse, amayi," anatero Amandala. "Mutha kulemba diresi limodzi kakhumi tsiku lomwelo, sitikudzudzulani."

"Zoona," anatero Andevu, ndipo kumeneku kunali kugwirizana kwawo komaliza.

Zikanathera pa amuna, bwenzi zitapita ndi mphepo, chifukwa anthu amenewa kukangana za zilankhulo za kompyuta ndiye tiyi wawo. Koma Wachisamba analowererapo.

"Alamu, zanuzo n'zabwino kwa ophunzira. Awa amalembera makampani."

"Makampani ake ati, achemwali?" anafunsa Mzime. "Si tsiku lija tinalephera kuona zithunzi za mwana wanu chifukwa seva inali ikupuma?"

"Iwe kuyambira kale sumva za akulu."

"Inunso kuyambira kale mumadula nokha, ife tizingosoka zimene mwadulazo."

Mawu amenewa sanali a kompyuta, ndipo aliyense patebulopo anadziwa. Mbale zinatsukidwa mwakachetechete tsiku limenelo. Lamlungu lotsatira kunabwera banja la Wachisamba lokha, linalo kunabwera la Mzime lokha, ndipo zinapitirira motero ngati anachita kupangana, chonsecho sankalankhulana. Amadiresi ankayalabe mbale za onse, kenako n'kubweza zotsalazo m'kabati. Zinkawapweteka kwambiri. Ana amene anagona pabedi limodzi mpaka kukula, lero samwerana madzi chifukwa cha zinthu zimene mwini shopu sankatha n'kuzitchula komwe.

Akamwini sanagone. Amandala anabwera ndi yawo, naiika pafoni ya apongozi awo. Inali yokongola, yokhala ndi chithunzi cha diresi lililonse, ndipo ukakhudza Mfumukazi inkakuonetsa masiku onse amene yatengedwa. Koma Andevu sananame: kuti itseguke, Amadiresi ankaima pakhomo mkono uli m'mwamba, ndipo wometa ankawabwezera moni nthawi zonse. Andevu nawo anabwera ndi laputopu yakale yothothoka batani limodzi. Pulogalamu yawo inali yotuwa, ya zilembo zikuluzikulu, yopanda chokongoletsa, koma inkatseguka usanaphethire. Amandala nawonso sananame: Amadiresi akakumana ndi munthu pamsewu n'kuwafunsa ngati diresi lakutilakuti lilipo, ankayenera kubwerera kushopu kuti akafunse laputopu.

Aliyense anawapempha chinthu chimodzi, kuti kalendala ija aichotse, asamalembe pawiri. Anaichotsa, pakhoma n'kutsala chizindikiro choyera. Ndipo mwana aliyense, pa Lamlungu lake, ankafunsa funso lomwelo akupukuta mbale, ngati sakulifuna kwenikweni yankho lake.

"Ndiye mukugwiritsa ntchito iti, amayi?"

"Ya amuna ako, mwanawe."

Sankanama. Amadiresi anachita chimene manja awo anazolowera. Kasitomala woyamba ankamulemba pafoni, wachiwiri m'laputopu, wachitatu pafoni, choncho mpaka madzulo. Kuti asasokoneze, anabaya pini pakolala ya bulauzi: ikakhala kumanzere ndiye kuti wotsatira ndi wa Amandala, ikakhala kumanja ndi wa Andevu. Akamva kuti Amandala akubwera, laputopu inkalowa pansi pa nsalu ya makina aja, ketulo n'kukhala pamwamba. Akabwera Andevu, foni inkagona m'chikwama. Ankadziona ochenjera, ndipo usiku ankagona tulo tabwino poganiza kuti palibe amene wamanidwa.

Amandala tsiku lina anayang'ana pulogalamu yawo nkhope ili yakugwa.

"Amayi, malonda atsika kodi? Kalendala ija inkaoneka yodzaza, koma umu anthu achepa ndi theka."

"Ndi nyengo, akamwini."

Andevu nawo anaona zomwezo m'laputopu, mpaka anawalangiza kuti aike chikwangwani chachikulu panja. Amadiresi anathokoza malangizowo uku akusita diresi lachinayi m'mawa umenewo. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa, koma munthu amene ali pakati pa mapangawo amaona ngati ndi wolemera kuposa anzake mpaka mvula itayamba.

Mvula yake inagwa m'mawa wina kumayambiriro kwa sabata. Kunabwera namwino wina wamtali kudzayesa Mfumukazi. Analowa kuseri kwa katani, natuluka atavala, ndipo diresi linamukhala ngati anabadwa nalo. Amadiresi anagwada pansi akukonza mchira, mapini ali pakamwa. Nthawi yomweyo pakhomo panalowa mphunzitsi wina wamfupi, wansangala, chikwama chodzaza makope chili paphewa. Anaima n'kumwetulira.

"Koma ndiye lakukhalanitu, asisi. Ukwati wanu unayenda bwino?"

"Sunachitike. Uli Loweruka."

"Loweruka liti?"

"Likubwerali. M'mawa."

Mphunzitsi anatsitsa chikwama pang'onopang'ono. "Amayi, si diresi langa ili? Munandilemba ndikuona, pa laputopu iyo. Loweruka likubwerali, m'mawa."

"Ine anandilemba pafoni," anatero namwino, manja atagwira kale chiuno cha diresi. "Anachita kuima pakhomo apo, mkono uli m'mwamba."

Amadiresi anatsala pang'ono kumeza pini. Anadzuka, bondo likulira, nayang'ana diresi, nayang'ana akazi awiriwo. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo anakumana ndi chinthu chosagawika. Anayesa kuwaonetsa madiresi ena, koma mkwatibwi amene waonetsa kale chithunzi cha diresi kwa azakhali ake onse sangasinthe maganizo chifukwa cha mawu okoma. Namwino anakana kuvula. Mphunzitsi anakhala pampando wa pakhomo, ndipo zinaonekeratu kuti munthu wozolowera kudikira ana kuti asiye phokoso sangatope msanga.

Panalibe kothawira. Anawathirira tiyi onse awiri, makapu ofanana, shuga wofanana, kenako anaima pakhomo, nakweza mkono, n'kuimbira akamwini mmodzimmodzi. Kwa aliyense ananena mawu omwewo: "Tabwerani kushopu, akamwini, zavuta ndi pulogalamu."

Aliyense anafika ndi mkazi wake, chifukwa mkazi sangalole mwamuna wake akaimbidwe mlandu yekha. Anakumana pakhomo penipeni. Wachisamba anayang'ana kudenga, Mzime anayang'ana nsapato zake, ndipo amunawo anapatsana moni wa anthu okumana kuchipatala. M'kashopu kaja munadzaza moti mchira wa Mfumukazi anachita kuukweza pakauntala.

Amandala atamva nkhani anatenga foni ya apongozi awo, naima pakhomo.

"N'zosatheka. Onani, Loweruka limenelo Mfumukazi ili ndi munthu mmodzi, anamwinowa. Nditayesa kulemba wina, ikana. Mwaona? Yakana. Yanga siinalakwe."

"Nanga amayi akugwiritsa ntchito yanu kuyambira liti?" anafunsa Andevu. Anayang'ana pakauntala, osaona laputopu. Amadiresi analoza ketulo ndi mlomo. Andevu anachotsa ketulo, navundukula nsalu, natsegula. "Loweruka limenelo, Mfumukazi, munthu mmodzi, aphunzitsiwa. Nayonso ikukana wachiwiri. Yanganso siinalakwe."

Anaika foni pafupi ndi laputopu, mitu iwiri n'kuweramira pamodzi. Amandala ankawerenga dzina, Andevu n'kupukusa mutu. Andevu ankawerenga lawo, Amandala n'kupukusa mutu. Panalibe dzina ngakhale limodzi lopezeka konsekonse. Amandala anavula mandala n'kuwapukuta, ngati vuto linali fumbi.

"Amayi," anatero mwaulemu wonse, "anthu amene ali umu mulibe umo, ndipo amene ali umo mulibe umu. Zinayenda bwanji?"

Amadiresi anagwira kolala. Sanafune kutero, dzanja linangopita lokha. Mzime analiona dzanjalo, naona pini, ndipo maso ake anakula. Ali mwana, pini yomweyo ndi imene inkanena kuti lero wokhala pawindo la basi ndi ndani.

"Achemwali," anatero chapansipansi, kuiwala kuti salankhulana. "Taonani pini."

Wachisamba anayang'ana. Milomo yake inayamba kunjenjemera, anayesa kuigwira ndi dzanja, koma zinakanika.

"Amayi, mwagawa makasitomala ngati lalanje?"

Anaseka ana aja mpaka kugwirana mapewa. Mzime anakhala pansi pakati pa madiresi misozi ili mbwembwembwe, Wachisamba akumumenya pamsana kuti asiye, iye mwini akulephera kupuma. Mphunzitsi anaseka nawo asakudziwa bwino chimene akuseka. Namwino sanaseke, chifukwa diresi linali lothina m'nthiti.

Amadiresi nawonso sanaseke. Anadikira phokoso lithe.

"Sekani," anatero. "Koma mundiuze chimene ndikanachita. Ndikanasankha ya Python, iwe Wachisamba ukanati amayi anyoza amuna anga. Ndikanasankha inayo, uyu akanati n'chifukwa choti ndine wamng'ono. Ine za zilankhulo zanuzo sindizidziwa, akamwini. Zonse ziwiri n'zabwino, zonse ziwiri zili ndi potopetsa pake. Chimene ndikudziwa n'chakuti Lamlungu lililonse ndimabweza mbale m'kabati zosadyeramo. Ndinaona kuti ndikasankha pulogalamu ndataya mwana, ndiye ndinalolera kuvutika ndi pini."

Kuseri kwa khoma kunkamveka makina a wometa. Andevu anakoka ndevu mpaka zinaoneka ngati azizula, ndipo Amandala anavalanso mandala n'kuyang'ana pansi. Wachisamba anasiya kuseka, koma dzanja lake linatsalabe paphewa la mng'ono wake.

Kenako namwino analowererapo. "Pepani, nkhani ya banja ndaimva ndipo yandikhudza. Koma Loweruka ndivala chiyani?"

Wachisamba anatembenuka n'kumuyang'ana mphunzitsi kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kamodzi kokha, ndi diso lija.

"Taimirirani, aphunzitsi." Mphunzitsi anaimirira. "Mfumukazi kwa inu ndi yaitali. Amayi akanaipinda kwambiri, ndipo maluwa a m'munsiwo akanabisika. Nsalu ija tinasokera Mfumukazi inatsalako, amayi?"

"Ili pamwamba pa kabati. Koma mwanawe, masiku atsalawa ndi ochepa, ndipo maso angawa mikanda sakuionanso bwino."

"Sindinati musoke nokha." Wachisamba anayang'ana kumbali, kwa mng'ono wake. "Iwe, maluwa aja ukuwakumbukira?"

"Ndikuwakumbukira," anayankha Mzime. "Koma musadule musanandionetse. Tsiku lija munandipanikizira chifuwa cha diresi, duwa lachitatu ndinachita kulikakamiza."

Wachisamba anatsegula pakamwa kuti ayankhe, natsekanso. "Chabwino. Ubwere udzajambule ndi choko pamene ukufuna."

Namwino anali akumvetsera mwatcheru. "Ndiye kuti awa avala latsopano, ine lakale?"

Dzanja la Amadiresi linanyamukanso kupita kukolala, koma Mzime analigwira.

"Inu muvala Mfumukazi yeniyeni, imene yakukhalani kale ngati munabadwa nayo," anatero. "Ndipo ndikusokerani velo yatsopano imene sinakhudzepo mutu wa munthu." Namwino anadziyang'ana pagalasi, natembenuka uku ndi uku, n'kunena kuti velo ikhale yaitali.

Makina aja anavundukulidwa, ketulo inasamukira pawindo. Anathiridwa mafuta, ndipo atangopondedwa analira mokhosomola kenako n'kukumbukira nyimbo yawo. Amuna anatumidwa kukagula ulusi ndi mikanda, nabwerera ndi mtundu wolakwika, natumidwanso. Atabwerako kachiwiri, Wachisamba anawaloza kauntala.

"Inu awiri, musanadye chilichonse, makasitomala a amayi akhale malo amodzi. Mwina si Mfumukazi yokha imene ili ndi akwatibwi awiri."

Anapezadi diresi lina lolonjezedwa kawiri mwezi wotsatira, koma limenelo linali ndi linzake lofanana nalo, ndiye silinavute. Kenako anachita chinthu chimene palibe anachiganizira poyamba paja. Anakoka mpando, nawakhazika apongozi awo, n'kuyamba kuwafunsa mmene amagwirira ntchito. Amalemba anthu ali pati? Pakauntala, nthawi zonse. Nanga foni amaifuna liti? Akakhala panjira, kungofuna kuona ngati diresi lilipo, osati kulemba. Zithunzi zija zimathandiza? Kwambiri, akwatibwi amakonda kuloza. Nanga kukopera pa fulashi? Apa Amadiresi anafunsa kuti fulashi ndi kanthu kaja anatsekera chitseko cha kabati kuti chisamatseguke chokha.

Amandala anatsokomola mosangalala. Andevu anavomereza kuti wilibala yawo ikufunika loko.

Anagwirizana kuti nkhokwe ikhale imodzi, m'laputopu, ndipo kulemba konse kuzichitikira pamenepo chifukwa sikudikira netiweki. Laputopu ikangogwira intaneti izitumiza yokha kope la zonse ku seva ya Amandala, kuti likhale losungika ndiponso kuti Amadiresi aziona pafoni ali panjira, zithunzi ndi zonse. Pafoni pazikhala poonera basi, osati polembera. Musaganize kuti mkangano unatha. Anakangana za mmene tsiku lizilembedwera, anakangana za dzina la fayilo, ndipo Amandala ananenabe kuti Python imawerengera munthu mipata ya kumayambiriro kwa mizere ngati mphunzitsi wovuta, Andevu n'kubweza kuti PHP yadzaza zizindikiro za dola ngati ikulota chuma. Koma ankakangana atakhala pabenchi imodzi, akulandirana laputopu.

Masiku otsatirawo ana aja ankafika m'mawa, wina atapempha tchuthi kuntchito, wina atasiya mwana kwa apongozi ake. Amadiresi ankalumikiza zidutswa pamakina awo, Wachisamba pa enawo, Mzime ali pampando wa pawindo mbale ya mikanda ili pamiyendo. Sanapepesane, ndipo mayi awo sanayembekezere zimenezo. Anangomva Wachisamba akufunsa kuti, "Apa pakukwanira duwa lako?" ndi Mzime akuyankha kuti, "Onjezerani chala chimodzi." Kenako anayamba miseche ya anthu a kuntchito, kenako ya amuna awo, amene anali kuseri kwa katani akumva zonse.

Lachisanu masana diresi linali litaima pachidole chosokera, kutangotsala duwa lomaliza ndi kambali ka mpendero. Mphunzitsi anali atabwera kudzayesa m'mawa, nalira pang'ono pagalasi, n'kupita. Velo ya namwino inali italendewera pakhoma pamene pankakhala kalendala. Amadiresi anakhala pansi kuti apumitse bondo, napisa m'chikwama, napeza lalanje limodzi limene anagula panjira. Analisenda bwinobwino, natenga kambale, nayamba kuyala tizigawo: aka uku, aka uko. Kumapeto kanatsala kamodzi kopanda mnzake, ndipo anakanyamula kupita nako kukamwa.

"Amayi," anatero Mzime osakweza maso pa singano, "phatikizani zonse m'mbalemo."

"Nanga mukayambana?"

"Tikayambana tiyambana," anatero Wachisamba, akudula ulusi ndi mano. "Tidzagwirizananso. Inu ingotipatsani, tigawana tokha."

Amadiresi anakayang'ana kachigawo kaja kanthawi, nakabwezera m'mbale. Anasakaniza zonse ndi chala, naika mbaleyo pakati pa ana awo. Wachisamba anatenga tiwiri, Mzime anatenga tambiri ndithu, ndipo palibe amene anawerenga. Kuseri kwa katani akamwini anali atayambanso, ulendo uno za mtundu wa batani losungira.

"Lamlungu tiphike chiyani?" anafunsa Mzime kukamwa kuli kodzaza. "Achemwali, inu mubweretse zakumwa, ife tibweretsa zipatso."

Amadiresi anazula pini ija pakolala, nadzuka, n'kukaibaya pampendero wa diresi pamene panali patatsala pang'ono kupinda.